Mapiri a kumadzulo kwa Nsanje ndi njira zokafikira kumeneko

Munthu wa kumtunda akamva za Chigwa cha Shire, zimene zimamubwerera m'mutu ndi dzuwa lootcha, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ng'ombe za ku Ngabu ndi madzi osefukira amene amamveka pa wailesi pafupifupi dzinja lililonse. Palibe chabodza pa zimenezi, koma zimachititsa anthu kuganiza kuti Chikwawa ndi Nsanje ndi dziko lathyathyathya lokhalokha, lopanda pokwera. Chigwa chathuchi chili ndi makoma awiri. Kum'mawa kuli chikweza chachikulu chochokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo, chimene aliyense amachidziwa chifukwa msewu wa M1 umatsetsereka pamenepo mokhotakhota mpaka ku Thabwa. Kumadzulo, makamaka kuyambira cha ku Bangula kutsikira kumwera mpaka ku Marka, kuli mndandanda wa mapiri aafupi amene anthu a kunja kwa boma la Nsanje amangowaona pawindo la minibasi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti pamwamba pake pali midzi, masukulu, matchalitchi ndi misika. Pa mapu ena amalembedwa kuti Malawi Hills, koma eni dera amangoti akupita ku Chididi, ku Lulwe, kwa Makoko kapena ku Matandwe.

Pa kutalika kwake mapiriwa alibe chonyadira. Nsonga zake zazitali zili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Sapitwa ku Mulanje ali pa mamita 3,002 ndipo Zomba imapitirira 2,000. Munthu wozolowera kukwera Mulanje akhoza kuwaseka kuti ndi zitunda chabe. Koma phiri limayezedwanso ndi pamene wokwera wayambira. Malo otsika kwambiri m'Malawi muno ali m'boma lomweli la Nsanje, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ndipo ali pa mamita 37 okha. Tauni ya Nsanje ili pamwamba pang'ono chabe kuposa pamenepo. Choncho amene wanyamuka pa boma n'kukafika pa nsonga zazitali za mapiriwa wakwera mamita oposa 800, kuposa amene amakwera munthu wochoka mumzinda wa Blantyre kupita pamwamba pa Ndirande kapena Michiru, ndipo iye wayambira ulendo wake m'dera lotentha kuposa madera ena onse m'dziko muno. Kusiyana kumeneku, kwa pansi ndi pamwamba, ndiye chuma chenicheni cha mapiri a Nsanje.

Chigwa cha Shire ndi mbali ya kumwera ya mng'alu waukulu wa nthaka umene unapanganso nyanja ya Malawi. Pakati panamira, m'mbali munatsala, ndipo kwa zaka zosawerengeka mitsinje yakhala ikuthira dothi ndi mchenga pansi pomwe panamirapo. N'chifukwa chake pansi pa chigwa munthu akhoza kulima dimba lonse osakumana ndi mwala, pamene akangoyamba kukwera ku Matandwe khasu limalira pa miyala yakale yolimba. Cha ku Nchalo ndi ku Ngabu chigwachi n'chotakata, ndipo mapiri a kumadzulo amaoneka patali ngati mzere wobiriwira. Kupitirira Bangula zinthu zimasintha. Mapiri amayandikira, Shire ndi madambo ake amayandikiranso, ndipo midzi, msewu, njanji ndi minda zimapanikizana pa kamzere kopapatiza ka nthaka pakati pa ziwirizi.

Kupapatiza kumeneku kulinso ndi mbiri yake ya ndale. Pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la mu 1891 linaika malire potsata mtsinje wa Ruo mpaka pamene umathira mu Shire ku Chiromo, kenako potsata Shire yemweyo kutsikira kumwera, ndipo kumadzulo linawaika pamsana pa mapiri pamene madzi amagawikana, ena kulowera ku Shire ena ku Zambezi. Ndiye kuti kumwera kwa Chiromo, Mozambique ali kutsidya kwa mtsinje komanso kuseri kwa phiri. Wokwera mapiriwa akafika pamwamba n'kuona kamtsinje kakutsetserekera kolowera dzuwa, adziwe kuti phazi lake lili pafupi ndi dziko la eni.

Mitsinje yochokera m'mapiriwa ndi yaifupi komanso yotsetsereka kwambiri, ndipo ndi imene imandichititsa kunena kuti amene sanakwere kumeneku sanamvetse bwino za madzi osefukira a ku Nsanje. M'chilimwe Lalanje, Thangadzi kapena Nyamadzere amakhala mchenga wokhawokha. Ana amaseweramo mpira, ngolo za ng'ombe zimadutsamo, amayi amakumba zitsime mumchengamo kuti apeze madzi akumwa. Mlendo wodutsa pa mlatho mu Seputembala sangakhulupirire kuti pamenepo pamafa anthu. Koma mvula ikagwa kumapiri usiku, ngakhale kuchigwa kusanagwe dontho, madzi amafika m'maola ochepa atasenza mchenga, miyala ndi zitsa. Madzi a Shire ndi Ruo amakwera anthu akuwaona, ndipo eni madimba amadziwa kuwawerenga. A mitsinje ya m'mapiri sapereka nthawi yomanga katundu. Pamene mitengo inatha pa zitunda, mvula imatsetsereka ngati pa denga la malata, osalowa pansi. Mchenga umene imakokolola umadzaza mtsinje mpaka pansi pake pamakwera kuyandikira mlatho, ndipo chaka chotsatira madzi ochepa chabe amakwanira kusefukira m'midzi. Zimene tinaona mu Januwale 2015, mu 2019, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 zinali mvula yoopsa ndithu, koma njira imene madziwo anadzera inakonzedwa pang'onopang'ono zaka zambiri m'mbuyomo.

Njira yaikulu yokafikira kumapiriwa imayambira pa boma la Nsanje, makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre. Msewu wake ndi wa tala: umadzera ku Mpemba ndi ku Madziabango, kutsika chikweza mpaka ku Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula ndi Tengani. Maminibasi amayenda tsiku lililonse, ngakhale kawirikawiri munthu amasinthitsidwa galimoto pa Nchalo kapena pa Bangula pamene okwera achepa. Ndi bwino kugona pa boma. Malo ogona alendo alipo, ndipo madzulo munthu akhoza kupita kukaona doko limene Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010, lomwe mpaka pano likudikirabe sitima zake. Kugona pa boma n'kofunika chifukwa ulendo wokwera umafuna kuyambika kusanache bwino, dzuwa la kuchigwa lisanayambe kuluma.

Kuchoka pa boma kupita ku Chididi msewu ndi wafumbi, wokwera kwambiri, wokhala ndi makona amene mvula imawaguba chaka chilichonse. Galimoto yotsika pansi isayese. Amene ali ndi galimoto yamphamvu ya mawilo anayi okoka amafika, koma anthu ambiri amakwera kabaza wa njinga yamoto, ndipo anyamata oyendetsa njingazi amaudziwa msewuwu mwala ndi mwala. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo ngati mukufuna kuti adzakutengeni pobwerera, tengani nambala yake ya foni, chifukwa kumtunda njinga sizipezeka nthawi iliyonse. Pa zikweza zina amakupemphani kutsika kuti muyende pansi pang'ono, ndipo si nkhani yokangana naye.

Ine ndimakonda kuyenda wapansi, ngakhale mbali imodzi yokha ya ulendowu, chifukwa njinga imadumpha chinthu chimene chimapangitsa mapiriwa kukhala oyenera kuwayendera. Pansi pa chigwa mitengo yake ndi milambe, misangu, masau, bwemba ndi migwalangwa. Poyamba kukwera, pa nthaka youma ya miyala, pamabwera tsanya ndi nsungwi za m'makhwawa. Kukwera pang'ono, mphepo imasintha, ndipo mumalowa m'tchire la mombo ndi tsamba, lofanana ndi la ku Neno kapena ku Dedza, momwe mumapezeka masuku ndi bowa nthawi yake ikakwana. Zonsezi zimachitika m'mawa umodzi. Tinjira tachidule tilipo tambiri, ndipo simusochera ngati mutsata anthu, chifukwa m'mamawa njirazi zimadzaza ndi amayi ndi abambo otsika ndi madengu a nthochi, mango, nandolo ndi chinangwa, ena ndi mitolo ya nkhuni ndi matumba a makala, kupita ku msika wa pa boma. Madzulo anthu omwewo amakwera ndi nsomba za mu Shire, mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Malonda a pakati pa phiri ndi chigwa ndi akale kuposa msewu, ndipo m'zaka za chilala, pamene mapira ndi mchewere zapserera kuchigwa, chakudya cha kumapiri chapulumutsa mabanja ambiri.

Ku Chididi kuli mishoni yakale. Amishoni a South Africa General Mission anayamba ntchito yawo ku Lulwe mu 1900 ndipo patapita zaka zochepa anakhazikikanso ku Chididi, ndipo mpingo umene unachokera m'ntchito imeneyo ndi Africa Evangelical Church. Sizovuta kuona chifukwa chimene anasankhira pamwamba m'malo mwa Port Herald, monga Nsanje inkatchedwera masiku amenewo: kumtunda kuli mphepo, udzudzu ndi wochepa, ndipo usiku wa mu Juni munthu amafuna bulangete, chinthu chimene mnzake wogona pa boma angachione ngati nthabwala. Kukacha bwino, kuchokera pa zitunda zozungulira mishoniyi chigwa chonse chimaoneka pansi panu. Shire amanyezimira mokhotakhota, dambo la Ndindi limatambalala chakumwera, ndipo kutsidya, m'dziko la Mozambique, phiri la Morrumbala limaima lokha. Ndi pamalo ngati amenewa pamene munthu amaona ndi maso kuti midzi yathu yambiri inamangidwa pakamwa penipeni pa makhwawa.

Pamwamba kwambiri, pamene nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zimagunda kuchokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, pali timagawo ta nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo italiitali ndi zilambe, yamdima ngakhale masana. Kale nkhalangoyi inali yolumikizana, koma lero yatsala m'tizigawo tating'ono pakati pa minda ya chimanga. M'menemo mumakhala kanyama kamene sikapezeka mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, kabilimankhwe kakang'ono kamene akatswiri anakalemba koyamba mu 1992 n'kukatcha Rhampholeon chapmanorum. Kutalika kwake ndi masentimita asanu ndi theka basi. Masana kamayenda m'masamba ouma pansi, ndipo n'kofanana nawo kwambiri moti mukhoza kukaponda osakaona. Usiku kamakwera pa kanthambi kafupi n'kugona pomwepo, ndipo ofufuza amakasaka ndi tochi. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zinasonyeza kuti kuyambira 1984 nkhalango ya m'mapiriwa yatha ndi magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse, moti ena ankaopa kuti kanyamaka kanatheratu. Mu 2016 ofufuza a ku South Africa pamodzi ndi anzawo a ku Malawi anakapezanso kali moyo m'timagawo totsalato, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2021. Anapezanso kuti magulu a m'timagawo tosiyana sakumananso, chifukwa kanyama kotere sikangaoloke munda wa chimanga padzuwa.

Ambiri a ife timaopa bilimankhwe, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene nyumba yake inakokoloka sangagone tulo poganizira kanyama kotalika ngati chala. Koma mitengo imene kanyamaka kakufuna ndi yomweyo imene imagwira madzi asanatsikire ku Nyamadzere, choncho mlandu wake ndi wathu ndi umodzi.

Pa nkhani ya amene anadula mitengoyi, mlendo asafulumire kuloza chala. Nkhalango ya Matandwe inakhazikitsidwa ngati yotetezedwa ndi boma mu 1931, nthawi imene anthu anali ochepa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Nsanje, ndipo panali nthawi imene othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Misasa monga ya ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu inkafuna milimo ndi nkhuni tsiku ndi tsiku mpaka nkhondo itatha mu 1992, ndipo zambiri mwa izo zinkachokera m'mapiri omwewa. Pambuyo pake, nthawi iliyonse madzi akasefukira, uthenga wopita kwa anthu a kudambo umakhala umodzi, woti asamukire kumtunda. Kumtundako ndi kuti, m'boma lopapatiza chotere, ngati si m'tsinde mwa phiri? Munthu amene wasiya dimba lake la chinyezi n'kupatsidwa malo a miyala amatsegula munda pa chitunda, kapena amaotcha makala, ndipo makalawo amagulidwa ndi ife a pa boma, a ku Bangula ndi a m'tauni. Sindikunena kuti kudula nkhalango yotsalayo n'kololeka. Ndikunena kuti amene wabwera ndi kamera kudzaona mitengo ayambe wamva mmene anthu okhala m'mbali mwake akudyera.

N'chifukwa chake ulendo wa kumapiriwa uli ndi mwambo wake. Wofuna kulowa m'nkhalango ya boma ayambe wadzera ku ofesi ya zankhalango pa boma. Akafika kumudzi akaonekere kwa a nyakwawa, anene kumene wachokera ndi chimene wadzera, ndipo apemphe munthu womuperekeza, amene ayenera kupatsidwa kangachepe pa mapeto a tsiku. Chichewa chimamveka paliponse, ngakhale kuti pakhomo anthu amalankhula Chisena kapena Chimang'anja. Woperekezayo ndi amene angakuuzeni kuti kankhalango aka ndi manda ndipo simulowamo, kapena kuti kasupe uyu ndi wakumwa ndipo simusambamo. Dera lonseli ndi la Mbona, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi, kuchigwa, kufupi ndi boma. Amang'anja akhala akupempha mvula kumeneko kwa zaka mazana angapo, ndipo nthano za ulendo wa Mbona zimatchula miyala, zitsime ndi zitunda zambiri za m'derali. Khulubvi si malo ongolowamo ngati paki. Amene akufuna kukafikako amadzera kwa mafumu ndi osunga kachisi, amavula nsapato, ndipo amavala monga auzidwira. Chochititsa chidwi n'chakuti pamene lamulo la boma lalephera kuteteza mitengo m'malo ambiri, ku Khulubvi mitengo ikadalipo, chifukwa palibe amene amayerekeza kulowamo ndi nkhwangwa.

Njira ya ku Lulwe ili chakumwera, m'dera la mfumu yaikulu Ndamera, ndipo imapatuka pa msewu wopita ku Marka. Nayonso ndi yafumbi ndi yokwera, ndipo kabaza ndiye wodalirika. Kumeneku malire ali pafupi kwambiri, anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale, ndipo foni nthawi zina imagwira netiweki ya ku Mozambique. Nyamulani chiphaso cha unzika, ndipo musapitirire pamene woperekeza wanena kuti mubwerere.

Kumpoto kwa mndandandawu, pamene mapiri amatsika n'kusanduka zitunda, kuli Mwabvi, malo osungirako nyama zakutchire aang'ono kwambiri m'Malawi, a masikweya kilomita 135. Msewu wake umapatuka pa M1 cha ku Bangula. Amene akufuna kuona njovu ndi mikango apite ku Majete, kumene African Parks yakhala ikubwezeretsa nyama kuyambira 2003, ndipo wofuna nyala apite ku Lengwe. Ku Mwabvi nyama zilipo koma n'zochepa ndi zamantha. Zipembere zimene kale zinkapezeka kumeneko zinatha. Chimene chimakokera munthu ku Mwabvi ndi miyala. Kumeneku thanthwe lake ndi la mchenga woumbika, losiyana ndi mwala wolimba wa ku Chididi, ndipo madzi analisema n'kupanga zigwembe zakuya zopapatiza, momwe munthu amayenda pamchenga wozizira makoma a mwala ali mbali zonse ziwiri. Kuyenda m'menemo kumafuna msilikali wa zanyama, ndipo nthawi ya mvula musalowemo n'komwe, pa chifukwa chomwe chija cha madzi obwera mosachenjeza.

Za nyengo, miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene misewu yauma, kumwamba kuli koyera ndipo kuchigwa kukupirika. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa, ndipo kuchokera pamwamba simuona ngakhale Shire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewu wa ku Chididi umatha kuduka, ndipo ngakhale M1 yeniyeniyo imatsekeka mitsinje ikadzaza. Madzi akumwa nyamulani ochuluka kuposa mmene mukuganizira, ndipo pa boma gonani m'masikito.

Wofuna kuona mndandanda wonsewu nthawi imodzi, kuyambira ku Mwabvi mpaka kumene umazimiririka chakumwera, ayenera kuima pa khoma linalo la chigwa. Msewu wochokera ku Thyolo kudzera ku Thekerani umatsikira ku Muona ndi ku Makhanga, ndipo potsetsereka pamenepo dambo lalikulu la Elephant Marsh, limene David Livingstone anapezamo njovu mazanamazana mu 1859, limakhala pansi panu, mapiri a Nsanje ali kuseri kwake. Njanji yakale yochokera ku Port Herald, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inakwera chikwezachi chakufupi ndi komweko potsata mtsinje wa Ruo. Vuto la njira imeneyi ndi kuoloka. Chiyambire 1997, pamene madzi anadula msewu ndi njanji pakati pa Chiromo ndi Bangula n'kutsegula khwawa limene anthu amalitcha Mtayamoyo, wochokera ku Makhanga amaoloka pa bwato, pamodzi ndi njinga, mbuzi ndi matumba a chimanga. Wapansi kapena wa njinga amaoloka m'mawa n'kukadyera nkhomaliro pa Bangula. Wa galimoto alibe kuchitira mwina koma kutsata msewu wa tsidya la kum'mawa kudzera ku Fatima, Masenjere ndi Livunzu mpaka ku Thabwa, kukaolokera pa mlatho wa Kamuzu n'kutsikiranso kumwera, ulendo umene umadya gawo lalikulu la tsiku kuti akafike pamalo amene amawaona ndi maso ali tsidya lino.